Oyilo wa ATF mu giyabokosi ya manyuwale

ATF ndi oyilo wamadzimadzi, nthawi zambiri wofiira, amene anapangidwira galimoto za otomatiki. Mtundu wake wodziwika ndi Dexron, umene kampani ya General Motors inatulutsa mu 1967. Giyabokosi ya manyuwale kawirikawiri imafuna oyilo wa magiya wolimbirapo, monga 75W-90 kapena 80W-90.

Pali magiyabokosi ena a manyuwale amene anapangidwa kuti aziyendera ATF, monga Tremec T-56. Koma mu giyabokosi yofuna oyilo wa magiya, ATF sakuta mano a magiya mokwanira. Magiya ndi mabering'i amatentha, amalira ndipo amaperepeseka msanga. ATF amathanso kudontha pa masilo okutha.

Vutoli limakula pamene galimoto yasenza katundu wolemera pa zitunda, monga mmene amachitira mapikapu ndi malole odutsa ku Wenya m'boma la Chitipa, pa msewu wopita ku Nthalire.

ATF sathiridwa mu difu, chifukwa magiya ake amakhuzana mwamphamvu ndipo amafuna oyilo wa GL-5. Oyilo woyenera galimoto iliyonse amalembedwa m'buku la galimotoyo.