Aphunzitsi Ocokera Kutali m'Sukulu za ku Lusaka

Munthu woyenda pa mseu wa Lumumba m'mzinda wa Lusaka, kumadzulo kwa njanje, apyola pakati pa nyumba za makina ndi nkhokwe za katundu, m'dera lochedwa Heavy Industrial Area. Akapitirira pang'ono afika ku Matero, kumene kukhala ambiri a anchito a m'nyumba zimenezo. Kumeneko kuli sukulu ya sekondale ya anyamata imene inatsegulidwa m'caka ca 1966 ndi Abale a gulu la Marianist, ocokera ku America. Cotero ana a amisiri ndi a oyendetsa magalimoto anaphunzira masamu kwa anthu amene anacita kuoloka nyanja yamcere. Koma ici sicinali cacilendo m'dziko limeneli, pakuti kuyambira kale sukulu zace zinaleredwa ndi aphunzitsi obadwira kwina.

Oyamba ambiri sanali Azungu ai. M'caka ca 1904 Mishoni ya ku Livingstonia, ku Nyasaland, inatumiza anyamata a sukulu kukalalikira ndi kuphunzitsa m'dziko la Abemba, ndipo mmodzi wa iwo anali David Kaunda. Caka cotsatira iye anakhazikika ku Chinsali. Masiku amenewo mphunzitsi sanali kulemba kalata yopempha nchito. Akuru a Mishoni anali kungomuitana ndi kumuuza kumene ayenera kupita, ndipo iye anali kumanga katundu wace nayamba ulendo wa pansi wa masiku ambiri. Pofika anayenera kuphunzira cinenero ca eni dziko, kupempha malo kwa mfumu, kumanga sukulu ya mitengo ndi udzu, ndi kunyengerera makolo kuti alole ana ao kusiya zoweta. Kaunda anagwira nchito imeneyi zaka zingapo Mzungu asanadze kudzakhala ku Lubwa mu 1913. Mkazi wace Helen nayenso anali mphunzitsi, mmodzi wa akazi oyamba a ciAfrika kuphunzitsa m'dzikomo. David anamwalira mu 1932, nasiya mwana wace Kenneth ali ndi zaka 8.

Mwana ameneyu anatsata mapazi a atate wace. Anaphunzira ku Munali, ku Lusaka, kuyambira 1941 kufikira 1943, nabwerera ku Lubwa kukaphunzitsa. Ndipo patapita zaka zowerengeka iyenso anaturuka m'dziko, napita ku Tanganyika ndi ku Southern Rhodesia kukafuna nchito yabwinopo. Apa padali patasinthika cinthu cacikuru: mphunzitsi sanalinso wongotumidwa, koma anayamba kudzisankhira yekha kumene nzeru zace zingagulidwe pa mtengo woyenera. Citsanzo cina cidaoneka ku Chalimbana, sukulu yophunzitsa aphunzitsi imene iri kum'mawa kwa Lusaka, kupitirira Chelstone. Kuyambira 1955 kufikira 1958 kunaphunzitsa mnyamata wa ku Southern Rhodesia dzina lace Robert Mugabe. Atamva kuti dziko la Ghana, limene lidangolandira ufulu mu 1957, liri kuitana aphunzitsi, iye anacoka napita ku Takoradi. Anthu amakumbukira mayina awa cifukwa eni ace anadzakhala atsogoleri a maiko. Koma anzao amene anayenda njira yomweyo nakalambira pa bolodi anali ocuruka ndithu.

Kusefukira kwenikweni kunadza ndi ufulu wa pa 24 October 1964. Dziko la Zambia linali ndi cuma ca mkuwa, koma nzika zace zokhala ndi digiri ya ku yunivesite zinali pafupifupi 100 zokha, ndipo ana a m'sukulu za sekondale sanafike 14,000. Ku Lusaka, mzinda umene unali likuru kuyambira 1935, sukulu zinali zogawidwa monga mwa khungu. Sukulu za Gilbert Rennie ndi Jean Rennie zinali za ana a Azungu, ndipo pambuyo pace zinachedwa Kabulonga Boys ndi Kabulonga Girls. Ya Prince Philip, imene ana a Amwenye anali kuphunzirako, inasanduka Kamwala. Zitseko zitatseguka, ana a ku Kabwata ndi a ku Matero anafuna malo, ndipo Boma, John Mwanakatwe ali nduna yoyamba ya maphunziro, linatsimikiza kumanga sukulu za sekondale m'maboma onse. Kumanga nyumba kunali kwapafupi, popeza njerwa ziumbidwa m'cirimwe cimodzi. Mphunzitsi wa sekondale ndiye safulumira cotero. Yunivesite ya Zambia inatsegulidwa mu 1966, ndi sukulu ya aphunzitsi a sekondale ku Kabwe mu 1967, koma ana anali atakhala kale pa mabenci kudikira.

Tsono Boma linapita kukafuna aphunzitsi kunja. Njira zace zinali zitakonzedwa pang'ono kale, pakuti msonkhano wa maphunziro wa maiko a Commonwealth umene unacitika ku Oxford mu 1959 udakambirana za kuthandizana ndi aphunzitsi, ndipo magulu a odzipereka, monga VSO ya ku Britain, yoyamba mu 1958, ndi CUSO ya ku Canada, yoyamba mu 1961, anali kutumiza anyamata ndi atsikana ongotsiriza kumene maphunziro. Ena anaona cidziwitso m'nyuzi, nalemba kalata, nafunsidwa mafunso, nasaina pangano la zaka ziwiri kapena zitatu. M'panganomo munali ulendo wolipiridwa, nyumba ya Boma, ndi ndalama ya cithokozo pakutha pa nthawi. Anadza ocokera ku Britain ndi ku Ireland, ku India ndi ku Ceylon, ku Ghana, ndiponso othawa nkhanza za ku South Africa ndi ku Rhodesia. Lamulo la mu 1966 lidaika Cingelezi kukhala cinenero cophunzitsira kuyambira kalasi yoyamba, ndipo mlendo anatha kugwira nchito zaka zambiri osadziwa kupereka moni m'Cinyanja. Cimene David Kaunda sakadatha kucita ngakhale sabata imodzi pakati pa Abemba.

M'cipinda ca aphunzitsi munali kusiyana kumene sikunalembedwe pa citseko. Wocokera ku Britain anali kulandira ndalama yoonjezera yocokera ku Boma la kwao, monga mwa makonzedwe a Overseas Service Aid Scheme a mu 1961. Mmwenye wophunzitsa sayansi m'cipinda coyandikana analibe zimenezo, ndipo mwini dziko, wogwira coko comweco, ndiye anali pansi pa onse. Nkosadabwitsa kuti anyamata ambiri a ku Zambia otsiriza ku yunivesite anakana bolodi nalowa m'maofesi ndi m'makampani, kotero kuti kusowa kwa aphunzitsi kunakhalitsa kuposa m'mene anthu adayembekezera. Bvuto lina linali lakuti pangano likatha mlendo anali kupita, ndipo kalasi inali kukhala yopanda mwini kufikira wina atatsika ndege. Ngakhale ziri tero, sikuyenera kupeputsa nchito yao: madokotala, oweruza ndi aphunzitsi a mbadwo woyamba wa ufulu anaturuka m'manja mwao.

Mtengo wa mkuwa utagwa mu 1975, kwaca inayamba kufooka, ndipo alendo anacoka mmodzimmodzi. Pofika zaka za m'ma 1980 ndi 1990 mtsinje unali utabwerera m'mbuyo: aphunzitsi a ku Zambia, makamaka a masamu ndi sayansi, ndiwo anali kuwerenga zidziwitso m'nyuzi ndi kukwera mabasi a ku Botswana, ku Swaziland ndi ku Namibia, kukalandira mapangano ofanana ndi aja amene anapatsidwa kwa aphunzitsi ao.

Koma mlandu wa ulendo wa David Kaunda unali usanathe. Mwana wace analamulira Zambia zaka 27, nacoka pa mpando mu 1991. Mu 1996 malamulo a dziko anasinthidwa kuti munthu amene makolo ace sanabadwire m'Zambia asapikisane pa upulezidenti, ndipo Kenneth Kaunda anatsekeredwa kunja. Mu 1999 khoti lalikuru la ku Ndola linagamula kuti iye sanali nzika ya Zambia, popeza atate ndi amai ace adacokera ku Nyasaland. Cigamulo cimeneci cinafafanizidwa caka cotsatira. Iye anamwalira ku Lusaka pa 17 June 2021, naikidwa ku Embassy Park, pamanda a mapulezidenti, patapita zaka 117 kucokera pamene atate wace anaturuka ku Livingstonia ndi mabuku a sukulu.