Milalang'amba yomwe imaoneka kuchokera ku Naperi

Blantyre: Munthu wokhala ku Naperi mu mzinda wa Blantyre angathe kuona milalang'amba itatu ndi maso ake popanda makina aliwonse, bola asankhe usiku wopanda mwezi ndipo atalikirane ndi kuwala kwa magetsi.

Mlalang'amba ndi gulu lalikulu la nyenyezi mamiliyoni ankhaninkhani. Dzinali ndi lomwe makolo ankatchulira mzere wotuwa umene umadutsa pakati pa thambo usiku, womwe pa Chingerezi ndi Milky Way, ndipo dzuwa lathu ndi imodzi mwa nyenyezi zake. Itatu yomwe tikunena pano ili kunja kwa mlalang'amba wathuwo.

Mzinda wa Blantyre uli pa madigiri pafupifupi 16 kum'mwera kwa ikweta. Ichi ndi chifukwa chake iwiri mwa milalang'ambayi imaoneka kuno pomwe anthu a ku Ulaya saiona n'komwe.

Iwiriyi imatchedwa Mitambo ya Magellan, potengera dzina la Ferdinand Magellan wa ku Portugal, yemwe adanyamuka ulendo wapanyanja wozungulira dziko m'chaka cha 1519, ngakhale kuti anthu a chigawo chino cha Africa ankaiona iye asanabadwe.

Wofuna kuiona ku Naperi ayang'ane kum'mwera, m'mwamba mwa phiri la Soche. Ikakwera kwambiri imafika gawo limodzi mwa magawo atatu a mtunda wochokera m'munsi mwa thambo kukafika pamutu. Imaoneka ngati tizigamba tiwiri ta mtambo wotuwa, ndipo n'kutheka kuti ambiri adaionapo koma n'kuyesa mitambo wamba. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta: mtambo weniweni umayenda ndi mphepo, pomwe iyi imakhala pakati pa nyenyezi zomwezo usiku wonse.

Kuwala kumayenda makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, komabe kumatenga zaka pafupifupi 160,000 kuti kufike kuno kuchokera ku Mtambo Waukulu, ndi zaka pafupifupi 200,000 kuchokera ku Mtambo Waung'ono.

Pofuna kupeza Waukulu, munthu ayambire pa nyenyezi zitatu zondondozana za Akamwiniatsatana, azitsate mpaka pa Sirius, nyenyezi yowala kuposa zonse usiku, kenaka atsikire kum'mwera pa Canopus, yomwe ndi yachiwiri pa kuwala, n'kupitirira pang'ono. M'mtambo umenewu ndi momwe nyenyezi ina idaphulika n'kuoneka ndi maso mu Febuluwale 1987, zomwe zidali zisanachitikenso chichokereni 1604.

Wachitatu ndi Andromeda, ndipo uli kumpoto. Kuwala kwake kumatenga zaka pafupifupi 2.5 miliyoni kuti kutipeze. Katswiri wa ku Persia, Abd al-Rahman al-Sufi, adaulemba m'buku lake cha m'ma 964 ngati kamtambo kakang'ono, koma mtunda wake udadziwika mochedwa. M'chaka cha 1912 ntchito ya Henrietta Leavitt pa nyenyezi zosinthasintha kuwala za mu Mtambo Waung'ono idapereka njira yoyezera mitunda ya kuthambo, ndipo Edwin Hubble adagwiritsa ntchito njirayo mu 1923 ndi 1924 kutsimikiza kuti Andromeda ndi mlalang'amba woima pawokha.

Kwa anthu a ku Naperi, Andromeda ndiye wovuta, chifukwa mbali ya kumpoto ndi komwe kuli kuwala kwa pakati pa mzinda, Ginnery Corner ndi Chichiri. Ndi bwino kuusaka ndi makina oonera patali a m'manja, kapena kutuluka kunja kwa tauni. Kuthima kwa magetsi, komwe aliyense amadandaula nako, pa nkhani iyi yokha kumathandiza.

Vuto lalikulu ndi nyengo. Andromeda ndi Mtambo Waung'ono zimakwera nthawi imodzi, cha m'ma 9 koloko usiku pakati pa mwezi wa Novembala, kotero kuti munthu angathe kuona umodzi n'kungotembenuka kuti aone winawo. Koma mu Okutobala thambo limakhala ndi fumbi komanso utsi wa moto wa lupsa, ndipo Novembala akamatha mvula imakhala ili pafupi. Mtambo Waukulu umakwera bwino madzulo mu Januwale ndi Febuluwale, dzinja lili mkati. Choncho usiku wabwino kwambiri ndi wotsatira mvula zoyamba, fumbi litatsika ndipo mitambo itakanganuka. Usiku wotere suchitika kawirikawiri, ndipo wodikira Loweruka angauphonye.

Amene ali ndi makina oonera patali angaonjezere ina. NGC 253, womwe Caroline Herschel adaupeza mu 1783, umadutsa pafupifupi pamutu mu Novembala. Centaurus A, womwe James Dunlop adaupeza mu 1826 ali ku Australia, ndi M83, womwe Nicolas-Louis de Lacaille adaupeza mu 1752 ali ku Cape, imaoneka madzulo mu Meyi ndi Juni ngati kulibe chiperoni.

Maso amafunika mphindi zosachepera 20 ali mumdima kuti azolowere, ndipo kungoyang'ana pa foni kamodzi kumabwezera zonse pachiyambi. Mlalang'amba wosawala kwambiri umaoneka bwino munthu akamayang'ana pambali pake pang'ono osati pomwepo. Mitundu yokongola ya m'zithunzi imadza chifukwa kamera imasonkhanitsa kuwala kwa nthawi yaitali. Diso la munthu limangoona kachigamba kotuwa.