Za Oweruza Mirandu: Awakhazika Pampando Ndani?

M'mwezi wa December caka ca 2024 aphungu a m'Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe anakambirana za oweruza mirandu, nabvomereza malamulo atsopano okonza bungwe limene lisankha oweruzawo ndi kumva madandaulo a anthu pa iwo. Kapena wina wa ku Embangweni kapena ku Jenda adzati, Zimenezo nza anthu a m'tauni, zitikhudza bwanji ife? Koma mkazi wamasiye wolandidwa munda, ndi munthu woberedwa ng'ombe zace, adziwa kuti mlandu wao uli m'manja mwa iye wokhala pampando; ndipo wokhala pampandoyo kawirikawiri ayang'ana nkhope ya amene anamkhazikapo. Cifukwa cace tiyeni tione mbiri ya dziko la Mzimba, kuti tizindikire umo mpando umenewo unayendera.

Kale, pamene Angoni a M'mbelwa anakhazikika m'dziko lino, mirandu inali kuweruzidwa poyera pafupi ndi khola la ng'ombe. Mfumu inakhala pamodzi ndi nduna zace ndi akuru a mudzi, ndipo munthu wosakhuta ndi ciweruzo anakwera nao mlandu kwa inkosi, kufikira kwa Inkosi ya Makosi. Woweruza analowa ufumu mwa kubadwa, koma sanaweruze yekha, pakuti mfumu yokhotetsa mirandu anthu anaithawa nakamanga kwina. Sitinena kuti zonse zinali zolungama, popeza mwabvi unapha ambiri osacimwa.

M'caka ca 1904 Bwanamkubwa Alfred Sharpe anakomana ndi mafumu a Angoni ku Ekwendeni, ndipo dziko linalowa pansi pa Boma la Angerezi, mafumu nakhalabe oweruza anthu ao. Koma m'caka ca 1915, pamene Inkosi Chimtunga anakana kupereka amtengatenga a ku nkhondo, Boma linamcotsa ndi kumtumiza ku Chiromo. Pamenepo anthu anaona kuti pamwamba pa mpando panali dzanja lina lakutha kuugubuduza. M'caka ca 1933 Boma linaika lamulo la mabwalo a mafumu. Inkosi M'mbelwa II ku Edingeni ndi mafumu anzace, monga Mzukuzuku ndi Mabilabo, anaweruza ndi cilolezo ca Boma, ndipo Bwana wa pa Boma la Mzimba anali ndi mphamvu yakusintha ziweruzo zao.

Poyandikira ufulu, m'caka ca 1962, mabwalowo anacotsedwa m'manja mwa mafumu napatsidwa kwa apampando oikidwa ndi Boma. Ndipo mmodzi wa otsogolera nchitoyo anali Orton Chirwa, loya woyamba wa dziko lino. Koma m'caka ca 1969, anthu atabvutika mtima ndi kuphana kwa ku Chilobwe ku Blantyre, Nyumba ya Malamulo inabvomereza kuti mabwalo ochedwa a miyambo aziweruza mirandu ya imfa. Oweruza ace, ambiri a iwo mafumu, anaikidwa ndi nduna ya Boma, imene inakhozanso kuwacotsa. Ndipo woimbidwa mlandu sanaloledwa loya womnenera. Oweruza acizungu a m'Bwalo Lalikuru anatula pansi nchito posagwirizana nalo lamulolo. Taonani tsono cotsatira cace: m'caka ca 1983 bwalo lotere linaweruza Orton Chirwa yemweyo ndi mkazi wace Vera kuti aphedwe. Cilango cinasinthidwa, koma iye anafera m'ndende ya ku Zomba m'caka ca 1992.

Zowawa zimenezi ndizo zinaphunzitsa olemba malamulo akuru a dziko a caka ca 1994 kugawa mphamvu ya kusankha. Mkuru wa oweruza onse amsankha ndi Pulezidenti, koma sakhala pampando popanda kubvomereza kwa aphungu, awiri mwa atatu ali onse oponya voti. Oweruza ena a m'mabwalo akuru awaika ndi Pulezidenti pomvera maina ocokera ku bungwe lija. Ndipo amajisitireti, onga amene aweruza pa Boma la Mzimba, awaika ndi Mkuru wa oweruza pomvera bungwe lomwelo.

Ngakhale cotero kukokana sikunathe. M'caka ca 2001 aphungu anapempha kuti oweruza atatu, Mwaungulu, Chipeta ndi Chimasula Phiri, acotsedwe. Koma mau otsutsa anacuruka, ndipo sanacotsedwa. Pa 3 February 2020 oweruza asanu anafafaniza cisankho ca Pulezidenti ca 2019. Ndipo pamene Boma linayesa kupumitsa Mkuru wa oweruza Andrew Nyirenda nthawi yace isanakwane, mabwalo analetsa. Oweruza a caka ca 1983 sakadatha kucita zotere, pakuti mkate wao unali m'dzanja la munthu mmodzi.

Komatu palinso mbali yina. Akuru anati, khoswe akakhala pamkhate sapheka. Woweruza wosaopa kucotsedwa akhoza kucedwetsa mirandu zaka zambiri, kapena kulandira ciphuphu, wosauka nasowa kodandaula. Madandaulo otere ndiwo anautsa zokambirana za 2024.

Cotero, awerengi, mbiri itionetsa maenje awiri: woweruza wogwidwa m'dzanja la wolamulira, ndi woweruza wopanda womfunsa. Phungu wanu akadza kumudzi, mumfunse kuti, Oweruza athu asankhidwa poyera kodi? Nanga wolakwiridwa ndi woweruza apite kuti? Pakuti mlandu suola, ndipo tsiku lina woima pabwalopo adzakhala inu kapena mwana wanu.