Chipata cha Chingerezi: Mbiri ya Kuloweza Mawu m'Boma la Mchinji

Munthu amene wayenda pa msewu wochokera ku Lilongwe, nadutsa pa Kamwendo, nafika pa boma la Mchinji, napitirira mpaka pa Mwami pamene dziko la Malawi lilekezera, adziwa kuti malire amene Azungu analemba papepala sanathe kugawa lilime la anthu, pakuti munthu wa kwa Mlonyeni akakomana ndi mbale wake wa kwa Mpezeni amalonjerana osafuna womasulira. Koma alipo malire ena osaoneka ndi maso, amene ana a kuno akhala akuimapo mtima uli m'mwamba kuyambira masiku a makolo athu. Malirewo ndiwo mayeso a Chingerezi, ndipo chiphaso chowolokera ndicho mawu amene mwana wasunga m'mutu.

M'masiku amene boma lino linkatchedwa Fort Manning, ndipo tawuni ya Chipata ku Zambia inkatchedwa Fort Jameson, sukulu zinali m'manja mwa amishoni: ansembe a Chikatolika amene anakhazikika pa Kachebere mu 1903, ndi a mpingo wa Dutch amene anamwaza sukulu zawo m'midzi. Kumeneko mwana ankayamba ndi Chinyanja, kuti adziwe kuwerenga Mawu a Mulungu ndi katekisimu, ndipo Chingerezi chinali ngati ndiwo ya akuluakulu, yolawa okhawo amene akwera makalasi apamwamba. Wokhoza Sitandade 6 ankasanduka mphunzitsi, kalaliki, kaya womasulira m'bwalo la DC; wotsalira ankagwira khasu ku esiteti ya fodya, kapena kulowera ku Halale ndi ku Joni. Boma la atsamunda linakhazikitsa dipatimenti ya maphunziro mu 1926, koma sekondale zinachedwa: ya Blantyre mu 1940, ya Zomba mu 1942, ya Dedza mu 1951, tsono mnyamata wa m'mbali mwa Bua, akapeza mwayi wa malo, ankakalemba mayeso okonzedwa ku Cambridge, m'chinenero chimene amayi ake sanamuyamwitse.

Ophunzira a nthawi imeneyo, pamodzi ndi a mibadwo yotsatira, ankasaka mawu monga momwe amayi atolera nkhuni. Aliyense anali ndi kope lake limene ankalembamo liwu lililonse lachilendo, tanthauzo lake pambali, ndipo usiku, pa kuwala kwa koloboyi, awiri ankafunsana mosinthana kufikira mafuta atatha. Buku la Wilfred Best lotchedwa The Students' Companion, lodzala ndi mindandanda ya mawu ofanana ndi otsutsana matanthauzo, linkayenda dzanja ndi dzanja mpaka chikuto kuthothoka. Khama limenelo ndi loyenera ulemu, pakuti pang'onopang'ono ndi mtolo. Komabe munali chilema: m'sukulu zambiri wogwidwa akulankhula Chichewa ankapatsidwa chikwakwa kukatchetcha udzu, kotero ana anayamba kuyesa kuti nzeru ndiyo kuthyola Chizungu cha mawu ataliatali, nadzaza zimangirizo zawo ndi mawu amene eni akewo sankawamva. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pa nthawi yomweyo katswiri wina wa kaphunzitsidwe ka Chingerezi, Michael West, anali atasindikiza mu 1953 mndandanda wa mawu ngati 2,000 okha, pofuna kusonyeza kuti wodziwa bwino mawu wamba ochepawo atha kuwerenga zambiri.

Njira ina inaoneka pa Kachebere pomwepo, pamene seminale yaikulu inatsegulidwa mu 1939. Anyamata okonzekera unsembe ankaphunzira Chilatini, chimene chili muzu wa mawu ambiri ovuta a Chingerezi. Ndipo amene wadziwa kuti *portare* ndiko kunyamula, sasowanso kuloweza payekhapayekha mawu aja tiwamva tsiku ndi tsiku pa Mwami, *transport*, *import* ndi *export*, popeza aona kuti onsewo ndi ana a mimba imodzi. Mchewa sayenera kudabwa nazo, pakuti iye mwini atenga tsinde limodzi la kumanga natulutsamo kumangira, kumangitsa, kumangidwa ndi chimango. Wogwira muzu wagwira mtengo wonse.

Ufulu utabwera mu 1964, maiko awiri oyandikanawa anasankha njira zosiyana. Zambia inalamula mu 1966 kuti ana aziphunzira m'Chingerezi kuyambira kalasi yoyamba, pamene Malawi, atakweza Chichewa mu 1968, anachisunga m'makalasi oyambirira. Ndipo mu 2014 anasinthana, Zambia nabwerera ku zinenero za makolo, Malawi nalengeza Chingerezi kuyambira Sitandade 1. M'kusinthasintha konseko chipata chokha sichinasunthe. Bungwe la MANEB, limene layendetsa mayeso kuyambira 1987, silipereka satifiketi ya MSCE kwa wolephera Chingerezi, ngakhale atakhoza masamu ndi zaulimi. Ndipo chiyambire 1994, pamene sukulu ya pulayimale inakhala yaulere, ana ochuluka afika pa chipatacho atakula m'makalasi odzaza, mmene buku limodzi aligawana angapo. Amene afuna maphunziro kapena ntchito kunja akumananso ndi mayeso ena, monga IELTS ndi TOEFL, nalowezanso mawu, tsopano pa lamya ya m'manja m'malo mwa kope.

Chimene mbiri iyi itiphunzitsa ndi ichi, kuti liwu lolowezedwa usiku wa mayeso lili ngati mlendo wogona usiku umodzi, wolawira mbandakucha, koma liwu limene mwana wakomana nalo m'nkhani, nalimasulira m'chinenero chake, naligwiritsa ntchito m'chiganizo cha iye mwini, limanga nyumba m'mutu mwake. Chifukwa chake, inu aphunzitsi a ku Ludzi, ku Guilleme, ku Magawa ndi m'sukulu zonse za kwa Mkanda ndi kwa Mavwere, musalange mwana chifukwa cha Chichewa chake, pakuti ndicho mlatho wake. Ndipo inu makolo, pogulitsa mtedza ndi soya chaka chino, patulani kangachepe mugulire mwana wanu buku la nkhani ndi dikishonale.