Uta wa Miyala

Mmisiri ali yense womanga ndi njerwa adziwa kuti cipupa sicibvuta. Cobvuta ndico khomo. Akafika pamwamba pa khomo, njerwa zotsatira ziribe pokhala, ndipo ayenera kupeza cinthu coti cizisenze. Masiku ano amagoneka mtanda wa simenti wokhala ndi zitsulo m'kati, koma akale analibe zimenezi. Mtengo umadyedwa ndi ciswe, cotero ofuna nyumba yokhalitsa anagoneka mwala wautali. Tsono mwala uli ndi khalidwe lace: ukapsinjidwa umapirira katundu woopsa, koma ukakokedwa umang'aluka msanga. Mwala wogonekedwa pa khomo lalikuru umapindika pang'ono pakati, mosaoneka ndi maso. Mbali ya kunsi imakokeka, mng'alu uyambira pomwepo, ndipo tsiku lina uthyoka. Ndico cifukwa cace akacisi a Aigupto ali ndi mizati yothithikana monga mitengo ya m'nkhalango. Amisiri a Great Zimbabwe, amene anayala miyala mwaluso lodabwitsa popanda dothi lomangira, nawonso anasiya makomo opapatiza.

Nzeru yoyamba yothetsera bvutoli imaoneka pa uvuni wa njerwa. Pofuna kutseka pamwamba pa mphako ya moto, woyala amaturutsa njerwa pang'ono pa mzere uli wonse, uku ndi uku, kufikira mbali ziwirizo zikomana. Njira imeneyi ndi yabwino pa mpata waung'ono, koma njerwa zace zikali cigonere, ndipo mpata ukakula zimapendekera m'kati.

Nzeru yaciwiri ndiyo uta weniweni, umene Angelezi amaucha arch. Mmisiri amasema miyala kuti ikhale yaikuru kumtunda, yocepa kunsi, monga mutu wa nkhwangwa. Amaimika cimango ca matabwa cokhota ngati uta, nayala miyalayo pamwamba pace kucokera mbali zonse ziwiri. Mwala wa pakati ukalowa, cimango cija amacigwetsa. Apa mpamene pali codabwitsa: mwala uli wonse ufuna kugwa, koma sungathe, pakuti mpata wa kunsi kwace ndi wocepa. M'malo mwa kugwa umakankha anzace a m'mbali, anzacewo nakankha otsatira, kufikira mphamvu yonseyo itsikira ku maziko. Palibe mwala umene ukokedwa, yonse ipsinjidwa. Kulemera kumene kunathyola mtanda uja ndiko kumene kumangitsa uta.

Anthu anaidziwa nzeruyi kale lomwe. Ku Tel Dan, kumpoto kwa dziko la Israel, kuli cipata ca njerwa zosaocha cokhala ndi mauta atatu, comangidwa ca m'ma 1750 Kristu asanabadwe. Ku Aigupto, pafupi ndi Luxor, nkhokwe za kacisi wa mfumu Ramesses II zikali ciimire ndi madenga ace okhota a njerwa za dothi. Koma Aigupto anayesa uta cinthu coyenera nkhokwe ndi manda. Milungu yao anaimangira ndi mizati ndi mitanda.

Amene anaupatsa uta ulemu ndiwo Aroma, ndipo nchito yao imaoneka bwino kumwera kwa France. Mzinda wa Nîmes unasowa madzi, kasupe wabwino ali kutali, pafupi ndi Uzès. M'zaka zana loyamba Kristu atabadwa anakumba ngalande ya makilomita pafupifupi 50, yozungulira mapiri. Kasupeyo anali pamwamba pa mzinda ndi mamita osafika 13 okha, cotero ngalande inayenera kutsika masentimita 25 cabe pa kilomita iri yonse. Kulakwa pang'ono, madzi akadaima pa njira. Pakati pa ulendowu panali cigwa ca mtsinje wa Gardon. Madzi sakadatha kutsikira m'cigwa ndi kukweranso m'ngalande yotseguka, cotero Aroma anakweza ngalandeyo m'mwamba, mamita 49, pa mizere itatu ya mauta: 6 pansi, 11 pakati, ndi ang'onoang'ono pamwamba, amene 35 alipobe. Ulalo umenewu ndiwo Pont du Gard. Miyala ina ya m'menemo ilemera matani 6, ndipo yambiri inayalidwa popanda njereza. Kufikira lero m'zipupa muli miyala yoturukira kunja, imene inasenza matabwa a amisiri; sanaiseme nchito itatha.

Madzi analeka kuyenda m'menemo ufumu wa Roma utagwa, ngalande itatsekeka ndi zokhuthala za m'madzi cifukwa cosowa woikonza. Ulalo wokha unatsala, anthu nausandutsa njira yoolokera. Pamenepo unaona tsoka lace lalikuru, ndipo silinacokere ku mtsinje ai. Pofuna kuti ngolo zipite, anthu anasema mizati ya mzere wapakati mbali imodzi, osazindikira kuti alikudula miyendo ya cinthu cimene cinali pamwamba pa mitu yao. Pakuti uta sukankhira pansi pokha, umakankhiranso m'mbali usana ndi usiku, ndipo phazi lace likasuntha, miyala imasiyana. Mizatiyo inakonzedwa kuciyambi kwa zaka za m'ma 1700, ndipo pakati pa 1743 ndi 1747 anamanga ulalo wina wa ngolo mogundana nao. Zigumula zoopsa za 1958 ndi 2002 zinapita pansi pace, koma unaima nji.

Kumene mitengo isowa, cimango ca matabwa cimabvuta. Ku Ctesiphon, m'mbali mwa mtsinje wa Tigris kumwera kwa Baghdad, amisiri a mafumu a Persia anayala njerwa mopendeketsa, mzere uli wonse wotsamira pa unzace, namatidwa ndi dothi louma msanga. Motero anafolera bwalo la mfumu, la mamita pafupifupi 26 m'mimba mwace, losowa mzati pakati. Mbali imodzi ya khoma la kumaso inagwa mu 1888, koma uta unatsala. Bvuto lofanana nalo linapeza omanga ulalo wa citsulo pa Zambezi, kunsi kwa mathithi a Mosi-oa-Tunya: phompho ndi lakuya mamita oposa 100, ndipo palibe poimika cimango. Anayamba mbali zonse ziwiri, theka liri lonse logwiridwa ndi zingwe zacitsulo zomangidwa m'thanthwe, kufikira zinakomana pakati pa 1 April 1905.

Koma munthu asanaumbe njerwa yoyamba, mauta analipo kale m'zipululu. Ku Ennedi, kumpoto kwa dziko la Chad, kuli uta wa Aloba, wa msinkhu wa mamita ngati 120. Ku Utah, m'dziko la America, m'malo osungidwa ochedwa Arches muli mauta oposa 2,000. Onsewa ndi a mwala wa mcenga, ndiko kuti mcenga wakale umene unagwirana nusanduka thanthwe. Mmisiri amapanga uta poonjezera mwala pa unzace. Kumeneko uta umapangika pocotsa. Pansi pa nthaka ya ku Arches pali mcere wocuruka, umene unasuntha nung'alula thanthwe la pamwamba m'mizere yaitali. Mvula inakuza ming'aluyo kufikira panatsala zipupa zopyapyala zoima pazokha. Madzi amalowa m'cipupa, nasungunula cimene cigwirizitsa mcenga. Nyengo ya cisanu amaundana m'ming'alu, natupa, nagamphula thanthwe. Potsiriza ciboo cimaturukira kuseri.

Funso lobvuta linali lakuti, bwanji mvula idya pakati ndi kusiya uta wokongola, osagwetsa cipupa conse? Mu 2014 Jiří Bruthans wa ku Prague ndi anzace anafalitsa zimene anapeza. Anatenga mwala wa mcenga wofewa, woti ukauika m'madzi umamwazika wokha. Ataupsinja ndi katundu pamwamba, madzi anadya m'mbali mokha. Pamene mzati unali kucepa, katundu anaunjikana pa mcenga wotsalawo, njere zace zinalumana, ndipo kudyeka kunaleka. Mbali ya thanthwe imene sisenza kanthu ndiyo imacoka, ndipo yosenza katundu imatsala. Cimene Mroma anacita posema miyala yace ngati nkhwangwa, thanthwe limacita lokha ndi njere za mcenga.

Uta wacilengedwe ulibe woukonza miyendo. Landscape Arch, wotalika mamita 88, wapyapyala kotero kuti pena sufika mamita 2 kucindikala kwace. Mu September 1991 cigamphu cacikuru cinathothoka kunsi kwace alendo alikuona, ndipo zigamphu zina zitagwanso, njira yopita pansi pace inatsekedwa. Pafupi ndi pomwepo panali Wall Arch, wa mpata wa mamita 22, umene anthu anali kupita m'mbali mwace tsiku ndi tsiku. Usiku wa pa 4 August 2008 unagwa popanda wouona. M'mawa mwace oyenda anapeza miyala itatseka njira, ndi zitsa ziwiri za thanthwe zoyang'anana.