Mchere, Tsabola ndi Phulusa: Mbiri ya Kachisi wa Vaitheeswaran Koil

Amalonda a pa chipata cha kachisi wa Vaitheeswaran Koil, kummwera kwa India, sagulitsa maluwa ndi zofukiza zokha ngati anzawo a pa akachisi ena. Pa mabenchi awo pamakhala timapepala ta mchere wosakaniza ndi tsabola wakuda, mibulu ya shuga wofiirira wa nzimbe, ndi tizitsulo topyapyala tooneka ngati siliva, todindidwa chithunzi cha diso, mwendo, dzanja kapena munthu wathunthu. Wogula safunsidwa chimene chikumupweteka. Kachitsulo kamene watola kanena kale: diso ngati maso akuchita nkhungu, mwendo ngati bondo lakana kupindika.

Kachisiyu ali m'boma la Mayiladuthurai, m'chigawo cha Tamil Nadu, pakati pa minda ya mpunga ya kumathiriro a mtsinje wa Kaveri, makilomita 7 kuchokera ku tauni ya Sirkazhi. Mwini wake ndi Shiva, mulungu wa Ahindu, koma kuno Shiva ndi sing'anga. Dzina loti Vaitheeswaran limatanthauza ambuye wochiritsa, ndipo koil ndi kachisi m'Chitamil. Mkazi wake, Thaiyalnayaki, amati anabwera naye atanyamula mafuta a mankhwala. Asing'anga a zitsamba a Chitamil, otsata njira yotchedwa Siddha, amawerenga matenda a munthu kuti alipo 4,448, ndipo opembedza amati palibe ndi amodzi omwe amene amamukanika Vaitheeswaran.

Kale malowa ankatchedwa Pullirukkuvelur. Anthu a kumeneko amaliduladula dzinali kuti atulutsemo amene anadzagwada pamalopo: mbalame, buku lopatulika la Rig Veda, Murugan mwana wa Shiva, ndi dzuwa. Mbalameyo ndi Jatayu, muimba wa m'nkhani ya Ramayana amene anafa polimbana ndi Ravana pamene ankaba Sita, mkazi wa Rama. Amati Rama anatenthera mtembo wa mbalameyo pompo, ndipo m'kachisi muli dzenje lotchedwa Jatayu Kundam limene anthu amatapamo phulusa mpaka lero. Malo ena mu India nawonso amati Jatayu anafera kwawo, koma zimenezo sizinabwezepo mlendo aliyense panjira.

Umboni wakale kwambiri wa kachisiyu si mwala ayi, ndi nyimbo. M'zaka za m'ma 600, alakatuli awiri a Chitamil, Appar ndi Sambandar, ankayenda mudzi ndi mudzi kuimbira Shiva m'chinenero cha anthu wamba, pa nthawi imene zipembedzo za Chijain ndi Chibuda zinali ndi mphamvu m'nyumba za mafumu. Onse awiri anaimba za Pullirukkuvelur. Sambandar anali mwana wa pafupi, wobadwira ku Sirkazhi konko. Nyimbo zawo zinasonkhanitsidwa m'buku la Tevaram, ndipo kachisi aliyense wotchulidwa m'menemo, alipo pafupifupi 275, amalemekezedwa mwapadera.

Kuti kuchiritsa kunalowa bwanji m'chipembedzo chimenechi, mbiri ya alakatuli awiriwa imaonetsa. Buku la Periya Puranam, lolembedwa ndi Sekkizhar m'zaka za m'ma 1100, limasimba kuti Appar anali atalowa Chijain pamene anagwidwa ndi m'mimba mopotokola mwakuti mankhwala onse analephera. Mlongo wake Tilakavati anamupaka phulusa lopatulika n'kupita naye ku kachisi wa Shiva ku Tiruvatikai, ndipo anachira. Sambandar naye akuti anaziziritsa malungo a mfumu ya Apandya ku Madurai ndi phulusa lomwelo. Nkhanizi zinalembedwa ndi a mbali yopambana, ndipo Ajain samatulukamo bwino. Koma zinakhazikitsa ganizo limene Appar anaimba ku Pullirukkuvelur, loti mulungu sapereka mankhwala chabe, mankhwalawo ndi iye mwini.

Kenaka kunabwera mafumu a Chola, amene ankakonda kusandutsa akachisi a njerwa kukhala a miyala. Zolembedwa pa makoma a Vaitheeswaran Koil zimafika m'nthawi ya Kulottunga I, amene analowa ufumu mu 1070, ndipo mwana wake Vikrama Chola ali m'gulu la opereka mphatso. Woyembekeza kuwerenga za akhate oyeretsedwa pa miyalayi amagwa ulesi. Zimene zilipo ndi misonkho ya midzi yoperekedwa kwa kachisi, mayina a okonzetsa dziwe ndi zipinda, ngakhale muyeso wa chitseko cha ngalande yothirira minda. Kachisi wa nthawi imeneyo anali mwini minda, wolemba anthu ntchito ndiponso wosunga chuma cha mudzi.

Anthu a m'nthawi ya Chola sankadalira phulusa lokha. Ku Tirumukkudal, pafupi ndi Kanchipuram, mwala wa m'nthawi ya mfumu Virarajendra, cha m'ma 1060, umafotokoza chipatala cha mabedi 15 chimene chinali mbali ya kachisi wa mulungu Vishnu. Umatchula dokotala, wochita opaleshoni, osamalira odwala, otola zitsamba, wometa, malipiro a aliyense m'miyeso ya mpunga, ndi mndandanda wa mankhwala osungidwa. Izi zisanachitike, Kundavai, mlongo wake wa mfumu Rajaraja I, anali atatsegula kale chipatala ku Thanjavur m'dzina la bambo ake. Wodwala wa nthawi imeneyo ankadziwa khomo la wong'amba chithupsa, ankadziwanso khomo la wansembe, ndipo sankaona chifukwa chosankhira limodzi.

Ufumu wa Chola utatha m'zaka za m'ma 1200, olamulira ankasinthana koma mphatso sizinaleke. Anaperekapo Apandya, kenaka Achuthappa Nayak wa ku Thanjavur amene analamulira kuyambira 1560, kenakanso mafumu a Chimaratha monga Thulaja. Chosintha chachikulu chinali cha utsogoleri. Kachisiyu analowa m'manja mwa Dharmapuram Adheenam, nyumba ya amonke a Shiva imene inakhazikitsidwa m'zaka za m'ma 1500 pafupi ndi Mayiladuthurai. Nyumbayi imayang'anira akachisi 27, ndipo ndiyo ikuyendetsabe Vaitheeswaran Koil.

M'zaka zimenezi mwana anayamba kupikisana kutchuka ndi bambo ake. Murugan, amene kuno amatchedwa Muthukumaraswamy, anaimbidwa ndi Arunagirinathar m'zaka za m'ma 1400, ndipo m'zaka za m'ma 1600 Kumaraguruparar anamulembera ndakatulo yaitali yomuyesa khanda loleredwa. Mabanja osowa mwana anayamba kumudandaulira. Banja lina lotero, la woimba Ramaswami Dikshitar, akuti linasala ndi kupemphera pa kachisiyu, ndipo mwana atabadwa ku Tiruvarur cha m'ma 1775 linamutcha Muthuswami pokumbukira mulunguyo. Mwanayo ndiye Muthuswami Dikshitar, mmodzi mwa akatswiri atatu opeka nyimbo za Carnatic za kummwera kwa India, amene anamwalira mu 1835.

Zimene wodwala amachita akafika sizifuna chuma. Amayamba watsikira ku dziwe la Siddhamirtham, lokhala ndi masitepe a miyala ndi makhonde mbali zonse, n'kusamba kapena kungodziwaza madzi kumutu. Za dziweli pali kankhani: munthu wina wopatulika anali kupemphera m'mphepete pamene chule wothawa njoka anamulumphira, ndipo iye pokwiya anatemberera zonse ziwiri, n'chifukwa chake amati mulibe chule kapena njoka m'madzimo. Mwambo wakale unali wosungunula m'bulu wa shuga uja m'madzi, kuti chotupa kapena chithupsa chisungunuke chimodzimodzi. Mchere ndi tsabola amakazithira pa mulu umene uli m'kati mwa kachisi, makamaka ovutika ndi njerewere ndi matenda ena a pakhungu. Kachitsulo ka diso kapena mwendo amakaponya m'bokosi la zopereka.

Pobwerera amatenga mankhwala a kachisi, otchedwa thiruchandu urundai: timibulu ting'onoting'ono ngati njere, toumbidwa ndi dothi la pachulu, phulusa, masamba a nimu ndi madzi amene asambitsira mulungu. Amameza ndi madzi. Palinso phala la sandalwood limene ansembe amapaka pamphumi pa Murugan n'kuligawa kwa anthu. Mtengo wopatulika wa kachisiyu ndi nimu, womwe uja wa masamba owawa umene anthu a ku Nsanje ndi Chikwawa amaudziwa bwino. M'chipinda china muli Dhanvantari, amene Ahindu amamutenga ngati kholo la using'anga.

Ansembe amachita mapemphero kasanu ndi kamodzi pa tsiku. Nthawi iliyonse amasambitsa mulungu, kumuveka, kumupatsa chakudya ndi kumuzunguliza nyali, uku chitoliro cha nagaswaram ndi ng'oma ya tavil zikulira. Kwa mabanja ambiri a Chitamil uyu ndi mulungu wa mtundu wawo, motero mwana amabwera naye kuno kudzameta tsitsi loyamba ndi kuboola makutu. Amayi amaumba nyali ya ufa wa mpunga ndi shuga, kuthiramo mafuta a mkaka, n'kuyatsa pamaso pa Thaiyalnayaki.

Lachiwiri ndiye pamakhala khwimbi, ndipo chifukwa chake ndi Angaraka, mulungu wa pulaneti ya Mars. Nthano imati iyeyu anadwala khate n'kuchiritsidwa ndi Shiva pa dziwe lomweli. Openda nyenyezi a ku India amati munthu wobadwa Mars ali pamalo oipa amavutika kupeza banja, ndipo makolo ambiri amakana chibwenzi akangomva zimenezo. Choncho atsikana ndi anyamata athanzi labwinobwino amadzaima pamzere umodzi ndi odwala, atanyamula nsalu yofiira, maluwa ofiira ndi nandolo, mbewu ya Angaraka. Ndi nandolo yemweyu amene alimi a ku Mulanje ndi Phalombe amagulitsa kuti akadyedwe ku India. Madzulo a Lachiwiri fano la Angaraka amalikweza pa chifanizo cha tonde n'kulizunguliza m'kachisi. Mabasi atachuluka, akachisi asanu ndi anayi a mapulaneti ozungulira tauni ya Kumbakonam anasanduka ulendo umodzi wa tsiku limodzi kapena awiri, ndipo ambiri obwera lero amadziwa Vaitheeswaran Koil ngati kachisi wa Mars asanamve n'komwe za Appar.

Njanji inafika m'derali m'zaka za m'ma 1870, ndipo tauniyi ili ndi siteshoni yake. Komabe zipata sizinali zotsegukira aliyense. Anthu a magulu onyozedwa ankaletsedwa kulowa m'akachisi a Chihindu mpaka malamulo a boma la Madras a 1939 ndi 1947 atathetsa mchitidwewo. Pa kachisi wa sing'anga wa matenda 4,448, kuletsa kumeneku kunali koonekera manyazi ake kuposa pena paliponse.

Ena sitima ndi basi amazikana dala. Chaka chilichonse m'mwezi wa Chitamil wa Chithirai, umene umayamba pakati pa Epulo, anthu a ku Chettinad, dera la Karaikudi, amayenda wapansi masiku angapo kuti akafike Lachiwiri lachiwiri la mweziwo. Katundu ndi okalamba amakwera ngolo za ng'ombe. Aliyense amagwira ndodo, ndipo akafika amaisiya pa mlongoti wa mbendera ya kachisi n'kutola ya mnzake wosamudziwa kuti apite nayo kunyumba.

M'misewu yozungulira kachisi mwadzala zikwangwani za malonda ena, otchedwa nadi. Olosera amadinda chala chachikulu cha mlendo, chakumanja kwa mwamuna, chakumanzere kwa mkazi, n'kulowa m'chipinda kukafuna mtolo wa masamba ouma a mtengo wa mtundu wa mvumo, olembedwa Chitamil chakale. Amati anzeru akale monga Agastya analemberatu moyo wa munthu aliyense. Wolosera amawerenga tsamba ndi tsamba, mlendo akuyankha inde kapena ayi, mpaka lipezeke lotchula dzina lake ndi la makolo ake. Eni ntchitoyi amati masambawo anachokera ku laibulale ya Saraswathi Mahal ku Thanjavur ndipo makolo awo anawagula m'nthawi ya Angerezi. Otsutsa amati mafunso a inde ndi ayi aja ndiwo amaulula zonse, ndipo munthu akaganizira bwino, ali ndi mfundo. Malondawa si a kachisi, koma amakoka alendo ochokera ku Japan ndi ku Ulaya amene mwina sakanamva dzina la tauni yaing'onoyi.

Khate, nthenda imene nthano ya Angaraka inamangidwapo, tsopano lili ndi mankhwala. Bungwe la zaumoyo la WHO linavomereza mapiritsi ophatikiza kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, ndipo mu 2005 India inalengeza kuti nthendayi yatsika kufika pa mlingo umene bungwelo linaika. Ngakhale zili choncho, dzikolo limapezabe odwala atsopano oposa theka la onse a padziko lapansi. Mchere ndi phulusa sizipha kachilombo ka khate, ndipo ambiri obwera ku kachisi amadziwa zimenezi: m'chikwama momwe muli timibulu ta thiruchandu mumakhalanso makadi a kuchipatala. Ngozi ili pa amene amachedwa kukaonana ndi dokotala podikira chozizwitsa.

Mwambo umafuna kuti kachisi wa Chitamil azikonzedwa ndi kupatulidwanso pakatha zaka 12 zilizonse, pa mwambo wa kumbhabhishekam, pamene ansembe amakwera pa nsanja n'kuthira madzi opatulika pa nsonga zake. Ku Vaitheeswaran Koil anachita zimenezi mu 1998, kenaka panadutsa zaka 23. Tsiku latsopano linagwa pa 29 Epulo 2021, pamene India inali kupeza odwala Covid-19 oposa 300,000 pa tsiku ndipo zipatala zinali kusowa mpweya wa okosijeni. Nkhaniyo inafika ku khoti lalikulu la Madras, limene linalola mwambowo koma popanda khamu. Boma linaletsa misonkhano m'tauniyo, apolisi anatseka misewu, ndipo madziwo anathiridwa pamaso pa ansembe, amonke a Dharmapuram ndi ogwira ntchito ochepa. Opembedza ena onse anaonera pa wailesi ya kanema ndi pa YouTube.