Pfumbi la ku Kasanda ndi Mwambo wa Maiko

Mtobvu unapezeka ku Broken Hill, kumene tsopano kucedwa Kabwe, m'caka ca 1902, ndipo mgodi wace unatsekedwa m'caka ca 1994. Koma pfumbi la mtobvu linatsala m'nthaka ya Kasanda, pafupi ndi mgodiwo, pamene ana amasewera. Ndipo mtobvu ukalowa m'mwazi umaononga nzeru za mwana.

Kale mlandu wotere ukadakhala wa Zambia yekha. Koma m'caka ca 2006 bungwe la United Nations linapangana kuti maiko adzifunsana okhaokha ku Geneva za kasungidwe ka anthu ao. Zambia anayankha mafunso kumeneko mu 2008, 2012, 2017 ndi 2023.

Malangizo a pa bwalolo sali lamulo ai. Komabe lamulo la mwambo pakati pa maiko limakula monga njira ya kumadzi: limakhazikika pamene maiko ambiri acita cinthu kawirikawiri, nabvomereza kuti ndiwo udindo wao. M'caka ca 2022 maiko 161 anabvomereza kuti kukhala pamalo aukhondo ndi ufulu wa munthu ali yense. Mau amenewa adzasanduka mwambo pokhapokha maiko atacotsadi pfumbi longa la ku Kasanda.